Kusamutsa Mayina a pa Esiteti

Sunthirani kuno kumbaula, chiperoni cha kuno sichisewera ndi alendo. Maofesi aja mwadutsa pobwera, a denga lofiira, kumapeto kwake kuli chipinda chimodzi chimene sichinadziwepo kuti kunja kuli dzuwa. Chilibe zenera ngakhale limodzi, chitseko chake n'chachitsulo, ndipo masiku amenewo makina oziziritsa mpweya ankalira m'menemo chaka chonse. Sankaziziritsira ife ayi, ife kampani inalibe nafe ntchito. Ankaziziritsira chimakina chachikulu chija ankachitcha menifulemu, chimene chinkasunga dzina la munthu aliyense amene anathyolapo tiyi pa esiteti ino kuyambira nthawi ya makhadi obowola.

M'chipindamo tinkagwira ntchito awiri. Ine, Rozina Namaona, ndinkalemba mapulogalamu. A Mukhwapa ankayendetsa chimakinacho, kuika matepi ndi kung'amba mapepala papulinta. Anali bambo wachikulire, wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ukawafunsa funso ankayamba ayang'ana kaye nsapato zawo ngati yankho analemba pamenepo. Aliyense wa ife anali ndi juzi yake yokhalira momwemo, yokoleka pamsomali kuseri kwa chitseko, chifukwa ukalowa wopanda juzi unkatuluka mano akugundana.

Chaka chimene izi zinachitika amuna anga, a Witinesi, anali atawasamutsira ku Kasungu kukaphunzitsa, ndipo anali atatsogola kale. Ine ndinatsala ndi mwana wathu Elube, amene anali atangoyamba kulumikiza mawu, pakamwa posatseka kuyambira m'mawa mpaka tulo titamugwetsa. Kuno kunali kutandikwana. Nkhungu yosatha, zovala zosauma, banja lili kwina iwe uli kwina. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi, kunyamula mwana wanga n'kuwoloka mlatho wa kumalire a esiteti osacheukanso. Koma bwana wathu, a Kalilangwe, anandiuza kuti sandimasula ndisanasamutse zonse za m'chimakinacho kupita m'makompyuta atsopano amene kampani inagula. Chimakinacho chinali chobwereka, ndipo eni ake anali atanena kale kuti akubwera kudzachitenga.

Mwina mukuganiza kuti kusamutsa kotere kuli ngati kukhuthula madzi m'ndowa ina n'kuthira m'ina. Si choncho. Makina sadziwa chilembo, amadziwa nambala basi. Chilembo chilichonse amachipatsa nambala yake, koma sagwirizana kapatsidwe kake. Chimakina chakale chinali ndi kawerengedwe kake kotchedwa Ebusidiki, atsopanowo anali ndi kawo kotchedwa Asike. Ukangokhuthula osasintha, dzina la munthu limatuluka pasikirini ngati papalasa nkhuku. Choncho ntchito yanga inali kulemba pulogalamu yoima pakati, yotenga chilembo chilichonse uku n'kuchipezera chinzake uko, chimodzichimodzi, mpaka dzina lituluke mbali inayo lili lathunthu.

Poyesa koyamba zonse zinayenda, kupatula kanthu kamodzi. Kumapeto kwa mayina ena kunali chizindikiro chimene sichinali chilembo, sichinalinso nambala yowerengera, ndipo m'makompyuta atsopano chinalibe chinzake. Pulogalamu ikafika pamenepo inkangoima. Ndinafunsa a Mukhwapa. Anayang'ana nsapato, kenaka anati mwina n'zinyalala zotsalira za nthawi ya makhadi. Ndinapita kwa a Kalilangwe. Iwo sanakweze n'komwe mutu, anangoti chimene chilibe chinzake chitayidwe, m'malo mwake ndiikemo mpata wopanda kanthu, nthawi yatha. Ndinachita zomwezo, ndipo aliyense wodziwa ntchito imeneyi akanachita zomwezo, wina asadzakunamizeni. Pulogalamu inathamanga mpaka kumapeto osapunthwanso.

Chodabwitsa chinali chakuti anthu anachuluka. Pulinta ikasindikiza mayina kuchokera m'chimakina chakale, mulu wa mapepala unkafika m'bondo. Ulendo uno unafika m'chiuno. Ndinawerengako mayina ena, ambiri ochokera kutsidya kwa malire a dziko, mayina amene sindinamvepo akuitanidwa pa esiteti ino. A Kalilangwe anati ndi anthu akalekale, tidzawachotsa zinthu zikakhazikika.

M'mawa mwake juzi ya a Mukhwapa inasowa. Anafufuza mwakachetechete, kuseri kwa makabati, pansi patebulo. Ine ndinawaseka, ndikuti mwina aiiwala kwa chibwenzi. Tsiku lotsatira inasowa yanga, yobiriwira, imene ndinasoka ndekha pachigongono ndi ulusi wakuda. Apa kuseka kunatha. Makiyi a chipindacho tinali nawo awiri basi, ndipo ndinawauza a Mukhwapa mawu amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi, osati poti ndinalakwa kukayikira, koma poti bamboyo anangowalandira osayankha. Kenaka inasowa nsalu yovundikirira pulinta. Anasowa makatani a mu ofesi ya a Kalilangwe, mphete zake zili zolendewera bwinobwino. Alonda anayamba kukangana za majasi awo. Kufakitale anati masaka akutha osadziwika kolowera. Wakubayo sankatenga wailesi, sankatenga shuga wa m'kabati, ankangofuna chofunda.

M'chipinda chathu munayamba kumveka fungo la masamba a tiyi onyowa, losakanikirana ndi utsi wa nkhuni zaziwisi. Pansi pa chipindacho panali mphako. Matailosi ake anali okwezedwa kuti mawaya azidutsa kunsi, ndipo ukaponda ankalira pang'ono. Tsiku lina masana ndikulemba, ndinamva munthu akutsokomola. Ndinati pepani a Mukhwapa, chifuwacho mupite nacho kuchipatala. Nditatembenuka ndinapeza akundiyang'ana, tepi ili m'manja, pakamwa pali potseka. Chifuwacho chinamvekanso, chouma, cha munthu wotopa, chikuchokera kunsi kwa mapazi athu. A Mukhwapa anati ndi mapaipi. M'chipindamo munalibe paipi, ndipo tonse tinkadziwa zimenezo.

M'mawa uliwonse ndinkabereka Elube kukamusiya kumalayini, kunyumba za antchito, kwa mayi wina amene ankandilerera, kenaka n'kubwerera ku ofesi. Njirayo imadutsa m'munda umene nthawi imeneyo unali utangodulidwa kumene, mitengo ya tiyi ili zitsa zokhazokha, popanda tsamba ndi limodzi lomwe. Lachisanu m'mawa, nkhungu ili mbuu, ndinaona anthu m'mundamo. Anali ambiri, ataweramira zitsazo, madengu kumsana, manja akuyenda ngati akuthyola. Ndinadabwa kuti kapitawo wopusa uti watuma anthu m'munda wopanda masamba. Panalibe woyimba, panalibe wocheza, pamene othyola tiyi ndi anthu aphokoso. Amene anali pafupi ndi njira anavala juzi yobiriwira. Atakweza mkono ndinaona ulusi wakuda pachigongono.

Ndinakuwa kuti inu, juziyo mwaitenga kuti. Sanatembenuke. Manja okha ndi amene anasiya kuyenda, a onse, nthawi imodzi. Ndinamva Elube kumsanaku akusolola dzanja m'chitenje n'kumawabayibitsa, monga ankachitira ndi aliyense. Sindinadikire kuti ndione ngati amubwezera. Ndinayenda mofulumira, ndipo za juzi sindinauzenso munthu.

Tsiku lomwelo a Kalilangwe analamula kuti tifufute zonse za m'madisiki a chimakina chakale, poti eni ake sayenera kupita ndi za kampani. Matepi atsopano sanagule, ankati ndi odula, choncho mayina osinthidwa aja tinawalemba pamwamba pa matepi akale. Pofika madzulo, mayina monga anawalembera anthu oyamba aja sanatsale paliponse. Ine mtima unali mbee. Lole yonyamula katundu wanga ndinali nditapangana nayo kale kuti ibwere Lamulungu.

Loweruka maofesi ankatseka masana. Anthu onse anapita, ife tinatsalira kuti tiyang'ane komaliza ngati zonse zawoloka bwino. Titamaliza, a Mukhwapa anazimitsa chimakinacho, kenaka anazimitsa oziziritsa mpweya aja. Kwa nthawi yoyamba chilowereni ntchito ndinamva chipindacho chili zii. Ndinatenga chikwama, ndinagwira chitseko, chitseko osatseguka.

Ndinaganiza kuti mlonda watikhomera osadziwa. Koma chitsekocho chinalibe loko wakunja woti munthu n'kukhoma tili m'kati, ndipo kiyi ankazungulira bwinobwino. Chinkangokana, ngati munthu wachitsamira mbali inayo. Tinakankha awiri. Tinamenya ndi mpando. Ndinaitana mlonda mpaka mawu anasasa. Ndinanyamula foni, ndipo m'menemo munalibe kulira kuja kwa foni yamoyo, munkangomveka ngati mvula yowaza ikugwa pamasamba. Ndinapatsa a Mukhwapa kuti amve. Anamvetsera pang'ono, n'kuibweza pamalo pake mosamala, n'kupukuta dzanja pathalauza.

Chipinda chopanda zenera ukazimitsa zoziziritsa chimayenera kuyamba kutentha. Ichi chinayamba kuzizira. Kuzizirako kunkakwera kuchokera m'mipata ya matailosi, kugwira akakolo, kenaka mawondo. Mpweya wathu unayamba kuoneka potuluka m'kamwa. Chifuwa chija chinayambiranso pakona ya chipinda, china chinayankha pafupi ndi chitseko, china pansi patebulo langa. Kenaka panabwera phokoso lina laling'ono, lochuluka, limene ndinachedwa kulizindikira. Anali mano a anthu ambiri akugundana.

Ndinawagwira a Mukhwapa pamkono ndi kuwauza kuti lero nsapato zawo asaziyang'ane, andiyang'ane ine, anene zimene akudziwa. Anayankhula motsitsa mawu, ngati munthu amene sakufuna kuti a m'chipinda china amve.

"Mayi a Elube, ine ndinkayesa nkhambakamwa za atsikana obowola makhadi. Ndinawapeza atakalamba kale pamene ndinkayamba ntchito. Ankati munthu akamwalira pa esiteti, bwana ankalamula kuti khadi lake litayidwe, malo osungira ngochepa. Koma ambiri anali obwera, opanda mbale kuno. Ankawaika kumphepete kwa munda popanda chizindikiro, chaka chinacho pamwamba pawo n'kubzalapo tiyi. Khadi lija ndi lokhalo linkatsala lonena kuti munthuyu anakhalapo."

Anaima, chifukwa tailosi limodzi pafupi nafe linali litanyamuka pang'ono n'kubwerera. Kenaka anapitiriza, kuti atsikanawo sankataya makhadiwo. Ankabowola mabowo angapo pamodzi kumapeto kwa khadi, kupanga chizindikiro chimene pulinta ikachiona imalumpha dzinalo. Bwana akayang'ana papepala ankaona kuti munthu wachotsedwa, pamene ali m'kati momwemo, phee. Makhadi atatha ntchito, zonse zinalowa m'matepi, chizindikirocho chinalowa nawo. Ndinawafunsa kuti atsikanawo ankazitcha chiyani zimenezo.

"Ankati kuwafunditsa," anatero a Mukhwapa.

Ndinakwiya kwambiri, ndipo mkwiyowo unandithandiza, chifukwa munthu wokwiya saopa msanga. Ndinawalalatira kuti zonsezi bwanji sananene tsiku lija ndinawafunsa. Anati ankaopa kusekedwa. Ndinawauza kuti ayatse chimakinacho tsopano lino. Magetsi analipo. Chizindikirocho ndinkachikumbukira nambala yake, ndinali nditalimbana nacho masiku angapo. Ndinati ngati tinawawolotsa titha kuwabweza, pulogalamu yomweyo ndingoitembenuza.

Ndinalemba zala zitauma, ndikulakwitsa, ndikufufuta. Tinaika tepi. Mayina anabwerera m'chimakina chakale bwinobwino, chilembo chilichonse chinapeza kwawo. Koma chizindikiro chija sichinabwerere. Pamene chinali tinaikapo mpata, ndipo mpata ukabwerera umakhala mpata basi, wofanana ndi mipata ina yonse ya kumapeto kwa mayina a anthu amoyo. Panalibe njira yodziwira kuti uyu anali wofunditsidwa, uyu ayi. Mapepala akale oti tifananize nawo panalibenso, ankapita kufakitale kukakolezera moto. Ndinakhala ndikuyang'ana mayinawo akukwera pasikirini, amoyo ndi enawo atasakanikirana, onse ali pambalambanda.

A Mukhwapa anati ndingoika chizindikirocho pa dzina lililonse, onse afunde, tituluke. Dzanja langa linafika pamabatani. Kenaka ndinakumbukira kuti m'menemo muli mayina a anthu amene ndinawapatsa moni m'mawa womwewo, muli a ana awo olembetsedwa kuchipatala cha esiteti, muli langa, muli la Elube. Ndinabweza dzanja. Ndinawauza kuti munthu wamoyo ine sindimufunditsa nsalu ya akufa, kaya tigona momwemo. Sanatsutse. Nthawi yomweyo mababu anayamba kufiira, sikirini inazima, chimakinacho chinalira motsika mpaka kuleka, ndipo tinatsala mumdima umene sindinauonepo kwina kulikonse.

Mumdimamo anatiyandikira. Sindinganene kuti ndinaona kanthu, sindinaone. Koma munthu umadziwa chipinda chikadzaza. Matailosi ankalira uku ndi uku ngati pakuyenda mapazi opanda nsapato. Fungo la masamba onyowa linafika pakhosi. Ndinamva a Mukhwapa akuvula jekete, n'kuliika pansi, akunena mwaulemu ngati akupereka kwa apongozi kuti landirani, n'zochepa. Jeketelo linakokedwa pansi pang'onopang'ono. Kukona kumodzi mano analeka kugundana. Kwina konse anapitiriza.

Anapereka malaya. Anapereka masokosi. Ine ndinamasula mpango kumutu n'kuuponya, ndinavula kajekete kanga, ndinakhuthula chikwama n'kupereka ngakhale kansalu kopukutira thukuta. Chilichonse chinkapita, ndipo chikapita pena pankakhala bata, pena n'kuyamba. Anali ambiri zedi. Tikanakhala ndi sitolo yathunthu ya mabulangete sakanakwanira.

Chinatsala chinali chitenje chimene ndinaberekera Elube m'mawa umenewo. Nditamusiya kumalayini ndinachimanga m'chiuno, ndipo chinali chikumvekabe fungo lake, la mafuta odzola ndi phala. A Mukhwapa anachikumbukira. Ndinamva mawu awo pafupi nane.

"Mayi, perekani chitenjecho. Mwina n'chimene chatsala kuti atisiye."

"Ichi ayi. Iyi ndi mbereko ya mwana."

"Mudzagula china, mayi."

"Ndati ayi, a Mukhwapa. Funsani akazi anu ngati mbereko amapatsa mlendo."

Ndinachimasula m'chiuno, n'kuchikulunga m'mapewa, n'kumanga mfundo pachifuwa, ina pamwamba pa inzake. Ndinakhala pansi n'kutsamiritsa msana pachitsulo cha chimakinacho kuti kumbuyo kwanga kusafike kanthu, manja onse awiri nditagwira mfundozo. Ndinali ndi mantha amene sindingathe kukufotokozerani, koma ndinali nditatsimikiza. Ndinayamba kupemphera, mawu osatuluka bwino. Sindikudziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. A Mukhwapa ndinkangowamva akupuma.

Kenaka phokoso lonse linatha. Chifuwa, mano, mapazi, zonse zii. M'batamo ndinamva mayi akung'ung'udza motsitsa, kaphokoso kaja timachita mwana akamavuta kugona. Kankachokera kumbuyo kwanga, kumene kunali chitsulo chokhachokha. Ndinamva zala pamapewa. Sizinali zaukali ayi, ndipo n'chimene chimandipweteka mpaka lero. Zinali zofatsa, zodziwa, monga amachitira mnzako ukafika paulendo wautali, akabwera kumbuyo kwako kudzakulandira mwana. Mfundo ndinali nditazigwirabe, sizinamasuke. Koma chitenjecho chinachoka, ndipo kumsana kwanga kunapepuka ngati anditsitsa katundu, pamene sindinabereke kanthu.

Chitseko chinatseguka chokha, pang'onopang'ono. Kunja kunali kukadawala.

Sindinawayang'ane a Mukhwapa. Ndinathamanga wopanda mpango, nsapato imodzi inatsala pamasitepe. Nditafika pamunda wodulidwa uja ndinawaona akutsetsereka m'mizere kulowera kukhwawa, m'nkhungu, atafunda makatani, masaka, majasi, wina jekete la a Mukhwapa. Sankafulumira. Wotsiriza anali mayi wamfupi, wopanda dengu. Anali atamanga chitenje changa, mfundo pachifuwa, ndipo mberekoyo sinali yopanda kanthu. Ankaigwirira kunsi ndi dzanja limodzi, akuigwedeza pang'ono poyenda.

Ndinalowa m'mundamo ndikukuwa dzina la mwana wanga. Zitsa za tiyi zinandicheka miyendo, zipsera zake ndi izi. Ndikathamanga iye ankakhalabe patali pomwepo, osawonjezera liwiro. Kenaka nkhungu inatseka, ndipo ndinapezeka ndili ndekha pakati pamunda, ndikumva madzi a kukhwawa basi.

Kumalayini ndinafika ndili wefuwefu. Elube analipo. Anali atakhala pakhonde, miyendo atatambasula, chidole chake cha chitsononkho chili pambali. Ndinagwada n'kumukumbatira ndikulira, ndikuthokoza Mulungu mokweza, anthu n'kumatuluka m'nyumba kudzaona. Mayi wondilerera uja anati mwanayo wasewera bwino tsiku lonse, akulongolola monga mwa masiku onse, koma posachedwapa wangosiya mawu pakati n'kukhala pansi. Anayesa tulo. Ndipamene ndinazindikira kuti mwana ndamukumbatirayo ngozizira ngati mwala wa kumtsinje, ndipo manja ake sanandigwire. Maso anali otsegula, akuyang'ana kudutsa paphewa langa, kumunda.

Kuchipatala cha esiteti anamuyeza zonse. Thupi silinatenthe, chifuwa chinali bwino, magazi okwanira. Anati mwina wadzidzimuka ndi kanthu, ana amatero, ndimufunditse agone. Ndinamufunditsa mabulangete onse a m'nyumba, ndinamugoneka pachifuwa panga, sanafunde. Ankadya ukamupatsa, ankayenda ukamugwira dzanja, koma mawu ayi. Ndinadziuza kuti vuto ndi malo ano. Ndikangomutulutsa, akaona bambo ake, akaotha dzuwa la ku Kasungu, abwerera.

Lamulungu lole inabwera. Tinakweza mabedi, mipando, mbale, zonse. A Mukhwapa sanabwere kudzatsanzika, ndinamva pambuyo pake kuti anachoka m'mamawa osatenga ngakhale katundu wawo. Ndinakhala kutsogolo ndi dalaivala, Elube ali pamiyendo. Tinadutsa maofesi, tinadutsa fakitale, tinayamba kutsetsereka kulowera kumlatho, ndipo mtima wanga unayamba kumasuka.

Matayala akutsogolo atangogunda matabwa a mlathowo, mwana anakoka mpweya ngati wamira. Ndinamuwongola, ndinamusisita pamsana. Lole ikupita patsogolo, iye mpweya ukuchepa. Pofika pakati pamlatho khosi linagwa, milomo inayamba kuda, maso anatembenuka. Ndinamenya dalaivala paphewa kuti aime. Ndinatsika naye, sindikudziwa chimene chinandiuza, n'kuthamangira kumene tinachokera. Phazi langa litaponda dothi la esiteti, mwana anatsokomola n'kuyamba kupuma.

Dalaivala anati mwina ndi fungo la dizilo. Ndinavomera, chifukwa ndinkafuna kuti zikhale choncho. Ndinadikira kuti apume bwino, kenaka ndinamunyamula n'kuyamba kuwoloka wapansi, pang'onopang'ono, ndikumuyankhula, ndikumuuza kuti tikupita kwa adadi, kuli nkhuku, kuli dzuwa. Thabwa lililonse limene ndinkaponda linkamuchotsera mpweya. Tsidya linalo linali pafupi, ndinkaona mayi akugulitsa nthochi pamenepo, akutiyang'ana. Ndikanatha kuthamanga n'kufika. Koma ndinkamva m'manja mwangamu kuti ndikafika nditanyamula chiyani. Ndinabwerera.

Nditaima kumbali ino, mwana ali paphewa, ndinamva akusuntha. Anadzutsa mutu, anatambasula manja onse awiri, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni Loweruka anatsegula pakamwa.

"Amayi."

Ndinati ndili pano mwanangu, ndili pano. Sanandiyang'ane. Manjawo anali ataloza kumtunda, kumizere ya tiyi, kumene nkhungu inali itayamba kutsika. Ndinauza dalaivala kuti atembenuze lole, katundu akatsitsire komwe anamutenga.

Chimakina chija anadzachitenga Lolemba, ndipo makompyuta atsopano alibe malo a chizindikiro chimenecho, ndinayesa njira zonse zimene ndinkadziwa. A Witinesi anabwera, anayesa abusa, anayesa asing'anga, anayesa ambulansi, ulendo uliwonse tinkabwerera pamlatho pomwepo. Anadikira zaka zingapo, kenaka anakwatira komweko, ndipo sindiwada. Uyo mwamuona wakhala pakhomoyo, wafunda bulangete, ndi Elube. Ndi mayi wamkulu tsopano, imvi zayamba. Savuta munthu. Nkhungu ikamatsika amaimirira, n'kuyang'ana kumunda, n'kuitana kamodzi. Ndimavomera ndine, ngakhale ndikudziwa kuti sakuitana ine.